Bambo William Johnson, wansembe amene sanachoke kunyanja

Akhristu ambiri a mumzinda muno amaidziwa nyanja ya ku Salima ngati malo okapumulirako. Kwaya ikasonkha ndalama, kapena achinyamata akatsekera sukulu, ulendo wake umakhala wa ku Senga Bay: kukasambira, kukadya chambo, n'kubwerera madzulo ndi usipa m'jumbo. Koma amene waima pamchenga paja n'kuyang'ana chakumpoto, kumene kuli Lifuwu ndi Leopard Bay, akuyang'ana madzi amene anamiza bishopu. Usiku wa pa 2 Sepitembala 1895, boti la mishoni linagubuduzika ndi mafunde m'dera limenelo, ndipo Bishopu Chauncy Maples anamira pamodzi ndi mtumiki mnzawo, Joseph Williams. Panali patangopita miyezi iwiri chiwadzozereni ubishopu, ndipo anali asanafike n'komwe ku Likoma kukayamba ntchito.

Dzina la Maples silinaiwalike, chifukwa linalembedwa pa sitima imene agogo ambiri a kunyanja anaikwerapo. Koma mbiri ili pano ndi ya munthu amene anatsala, bwenzi lawo la pamtima, Bambo William Percival Johnson. Pamene uthenga wa imfa ija unkawapeza, Bambo Johnson anali ataika kale m'manda mnzawo wina m'mphepete mwa nyanja yomweyi, anali atathamangitsidwapo pamudzi, atachitidwapo chipongwe pagulu, ndipo maso awo anali atafa, kutsala kuwala pang'ono m'diso limodzi. Zitachitika za ku Lifuwu anakhalabe panyanjayi zaka zina 33, kufikira pamene anamwalira pa 11 Okutobala 1928.

Anyamata awiri a ku Oxford

William Johnson anabadwa pa 12 Malichi 1854 ku St Helens, pa chilumba cha Isle of Wight ku England. Anaphunzira ku Bedford, kenaka ku University College ku Oxford. Anali mnyamata wamphamvu, katswiri wopalasa bwato pa mipikisano ya koleji, ndipo anali atakhoza kale mayeso olowera ntchito ya boma la Britain ku India. Masiku amenewo imeneyo inali ntchito yosiririka, ya malipiro onona ndi ulemu wake. Pa koleji yomweyo panali Chauncy Maples, wamkulu kwa iwo ndi zaka ziwiri, munthu wansangala, wokonda nyimbo ndi macheza. Johnson anali wa mtima wina, woumira pa zimene watsimikiza ndi wosadzimvera chisoni. Ubwenzi wawo unali wa anthu osiyana, ndipo mwina n'chifukwa chake unalimba.

Pa nthawiyo mishoni ya Universities' Mission to Central Africa, imene anthu amangoitchula kuti UMCA, inkasowa anthu. Mishoniyi inabadwa chifukwa cha pempho la David Livingstone ku Cambridge mu 1857, ndipo chiyambi chake chinali cha misozi. Bishopu Charles Mackenzie anafika ku Magomero mu 1861, koma pofika kumapeto kwa Januwale 1862 anali atamwalira ndi malungo m'mphepete mwa Shire. Enanso anatsatira, ndipo mu 1864 otsalawo anasamukira ku Zanzibar. Kwa zaka zoposa khumi, mishoni imene inakhazikitsidwa chifukwa cha anthu a kuno inali kutali ndi kuno. Bishopu Edward Steere, amene anatenga udindo mu 1874, sanagone nayo tulo ngongole imeneyi, ndipo anapempha anyamata a m'mayunivesite kuti adzipereke. Johnson anasiya za ku India, Maples nawonso anavomera, ndipo onse awiri anafika ku Zanzibar mu 1876. Odzipereka ku UMCA sankalandira malipiro. Ankapatsidwa chakudya, pogona ndi kandalama kochepa kogulira zovala, ndipo aliyense ankadziwa kuti ambiri amene anatsogola sanabwererenso kwawo.

Johnson anadzozedwa udikoni chaka chomwecho, ndipo unsembe mu 1878. Zaka zawo zoyamba anatumikira ku Masasi, kummwera kwa Tanzania ya lero, pamudzi umene Steere anakhazikitsa kuti pakhale akapolo omasulidwa.

Ku Mwembe ndi ku Chia

Mu 1880 bishopu anawatuma ku Mwembe, likulu la Mfumu Mataka ya Ayao, m'chigawo chimene lero ndi Niassa ku Mozambique. Mwembe unali mudzi waukulu pa njira ya malonda a minyanga ndi akapolo yochokera kunyanja kupita ku Kilwa. Bambo Johnson anakhala kumeneko okha, popanda wansembe wina woti n'kupemphera naye kapena kuulula kwa iye. Anayambitsa kasukulu, n'kumaphunzira Chiyao, uku akuona ndi maso awo magulu a anthu omangidwa akudutsa kupita kugombe. Ali komweko manja awo anatuluka zilonda zosapola, mwakuti anayenda wapansi mpaka kunyanja kukafuna thandizo kwa Dr Robert Laws wa mishoni ya Livingstonia. Laws anali wa mpingo wina, wosiyana ndi UMCA pa ziphunzitso zambiri, koma anawalandira ndi kuwatsuka zilondazo.

Ntchito ya ku Mwembe inatha moipa. Mu 1881 gulu la amalonda a Mataka linalandidwa akapolo ake ndi akuluakulu a boma la Britain litafika kugombe. Ku Mwembe anthu anaganiza kuti mzungu wa pamudzi pawo ndi amene anawaneneza. Nyumba yawo inafunkhidwa, katundu anatengedwa, ndipo wansembeyo anachoka chimanjamanja, kubwerera ku Masasi wapansi.

Munthu wina akanapempha kaye tchuthi. Iwo kumapeto kwa chaka chomwecho ananyamukanso, ulendo uno pamodzi ndi wansembe mnzawo Charles Janson, cholinga chili chokafika kunyanja kwenikweni. Anayenda m'nyengo ya dzinja, mitsinje itasefukira. Anafika m'mphepete mwa nyanja mu Febuluwale 1882, patapita zaka makumi awiri chimwalirireni Mackenzie. Koma Janson anafika ali wodwala kale, ndipo mwezi womwewo anamwalira pamudzi wa Chia, tsidya la ku Mozambique. Chia ameneyu si wa ku Nkhotakota uja wa pa mlatho pogulitsidwa nsomba, ndi wina. Motero ntchito yoyamba imene Bambo Johnson anagwira panyanja imene anailakalaka zaka zonsezo inali kukumbitsa manda ndi kuwerenga mapemphero a maliro.

Akulu anati mvula ikakuona litsiro siikata. Mu Ogasiti chaka chomwecho Bishopu Steere, amene anawaitana ndi kuwadzoza, anamwalira ku Zanzibar. Mu Sepitembala ankhondo a Angoni a Gwangwara anathira nkhondo mudzi wa Masasi, kumene Maples anali mtsogoleri, ndipo anapha anthu ena, ena n'kuwatenga ukapolo. M'miyezi yosakwana isanu ndi itatu, Johnson anataya mnzawo wa paulendo, bambo wawo wauzimu, ndi mtendere wa mudzi umene unawalera pa unsembe.

Anakhalabe kunyanja pafupifupi zaka ziwiri, atakhazikika kwa Mfumu Chiteji moyang'anana ndi Likoma, akuyenda wapansi ndi pabwato. Anthu a m'mbali mwa nyanja ankakhala mwamantha, atapanikizika pakati pa ankhondo ochokera kumapiri ndi ogula akapolo. Midzi inali itandandalikana m'mphepete mwa madzi, ndipo msewu weniweni wolumikiza midziyo unali nyanja. Apa m'pamene Johnson anaona chofunika kuchita: kupeza sitima imene ikanakhala tchalitchi, sukulu ndi nyumba nthawi imodzi, yoyenda mudzi ndi mudzi, n'kumasiya aphunzitsi a Chiafirika pamalo alionse. Mu 1884 anapita ku England kukapempha ndalama. Anthu anapereka, sitima inapangidwa m'zidutswazidutswa kuti ithe kunyamulika, ndipo anaitcha Charles Janson.

Mdima wa ku Quelimane

Kumapeto kwa 1884 Bambo Johnson anafika pa doko la Quelimane ndi zidutswa za sitimayo komanso gulu la amisiri ndi aphunzitsi. Kunangotsala kukwera Zambezi ndi Shire. Ali pomwepo anagwidwa ndi matenda oopsa a maso, ndipo m'masiku ochepa sankaonanso chilichonse. Anali ndi zaka 30. Anzawo anapitiriza ulendo ndi katundu uja, pamene mwini maganizo onsewo anachita kumugwira dzanja kumukweza sitima yobwerera ku England.

Pa mavuto onse a moyo wawo, ili liyenera kuti linali lowawa mwa mtundu wakewake. Ku Mwembe panali anthu oti n'kuwaloza chala. Ku Chia panali maliro, ndipo maliro ali ndi mwambo wake umene umamunyamula munthu. Koma ku Quelimane panalibe mdani, panalibenso mwambo. Panali thupi limene lakana ntchito pa nthawi yeniyeni imene zonse zinali zitayamba kulongosoka. Amene anaperekezapo mbale wake ku chipatala cha maso ku Nkhoma, kapena amene anaonapo bambo wolimbikira ntchito atafa ziwalo mwadzidzidzi ngongole ya nyumba isanathe, akudziwa mafunso amene amabwera usiku pa nthawi yotere. Munthu amafunsa ngati Mulungu anamuitanadi, kapena ankangodzinamiza.

Ku London madokotala anawachita opaleshoni. Diso limodzi linali litaferatu. Linalo linayamba kuona pang'ono, mwachimbuuzi, mwakuti pofuna kuwerenga ankachita kugunditsa pepala kumaso. Kuchira kwawo kunathera pomwepo. Mu 1886 anabwerera kunyanja ali choncho, ndipo anakhala choncho zaka 42.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kuimvetsa, makamaka m'mizinda ya lero mmene mwadzaza maulaliki onena kuti wodwala amene sakuchira ndiye kuti chikhulupiriro chake n'choperewera. Bambo Johnson anali munthu wopemphera, wochita Misa mokhulupirika, wosiya chuma chifukwa cha Khristu, koma maso awo sanabwerere. Ngati anayembekezera chozizwitsa, anapatsidwa kachigawo kochepa chabe. Chimene mbiri yawo ikuonetsa n'chakuti chiyembekezo chawo sichinali chomangirira pa kuchira. Anatenga kuwala kochepa kumene kunatsalako n'kubwerera nako kuntchito, monga Paulo Woyera anapitirira ndi munga wake uja umene anapempha katatu kuti uchoke koma sunachoke.

Moyo wa m'sitima

Iwo ali ku England, anzawo anailumikiza sitima ija ku Matope mu 1885, ndipo chaka chomwecho Bishopu Charles Smythies anapeza malo pa chilumba cha Likoma. Mu 1886 Maples anasamukira ku Likoma ngati Archdeacon. Abwenzi aja anakumananso ndi kugawana ntchito: Maples pachilumba, kuyang'anira sukulu, makina osindikizira mabuku ndi mpingo, Johnson m'sitima.

Kayendetsedwe kake kanali kotere. Sitima inkakocheza pamudzi, amalinyero n'kutsika kukagula nkhuni zoyendetsera injini, wansembe n'kupita kusukulu kukafunsa ana mafunso, kumva milandu ya mpingo, kuyesa amene akufuna kulandira mtanda ndi amene akukonzekera ubatizo, ndi kuchita Misa kumene kunali obatizidwa. Mawa lake mudzi wina. Akamaliza midzi yonse, ankayambiranso. Pakati pa maulendowo ntchito inali m'manja mwa aphunzitsi, ndipo kunena zoona, iwowa ndi amene anabzala mpingo m'midzi ya kunyanja. Mmodzi wa iwo anali Augustine Ambali, amene anagwidwa ukapolo ali mwana, n'kumasulidwa, n'kuphunzira ku Zanzibar. Anatumikira zaka zambiri ku Msumba ndipo pambuyo pake anadzozedwa unsembe. Wina anali Yohana Abdallah wa ku Unangu. Ndipo ku Chia, pamudzi pomwe panagona Janson, kunachokera Leonard Kamungu, amene anatumikira ku Nkhotakota, n'kudzozedwa unsembe mu 1909, n'kukamwalira ku Msoro m'dziko la Zambia mu 1913. Dzina lake lero lili pa koleji ya zaubusa ku Zomba. Pamene Johnson ankaika maliro a Janson mu 1882, Kamungu anali kamwana.

Munthu wosaona bwino sangayende yekha pa thabwa lotsikira m'sitima, sangazindikire nkhope patali, sangaone mwala m'njira. Wopalasa bwato wa ku Oxford uja anayenera kuphunzira kudalira maso a ena, ndipo enawo anali amalinyero, aphunzitsi ndi ana a sukulu. Sikuti matendawo anawasandutsa munthu wofatsa. Amene anagwira nawo ntchito anachitira umboni kuti anali ovuta kukhala nawo: osapirira ulesi, olimba pa mtsutso, ofuna kuti aliyense apirire zimene iwo ankapirira. Ankadya mosasamala, kugona paliponse, ndi kuvala zakutha. Amishonale anzawo ena ankawalemekeza koma ankapuma bwino sitima ikanyamuka. Oyera mtima a m'zithunzi amaoneka odekha nthawi zonse, koma uyu anali wa mnofu ndi magazi, ndipo Mulungu anamugwiritsa ntchito ndi ukali wake womwewo.

Mu 1888 anakumana ndi zina kwa Makanjira, kumene mapiri ake amaonekera tsidya munthu akaima ku Senga Bay kunja kutayera. Masiku amenewo zombo zinkaoloka pakati pa gombe la Salima ndi la Makanjira zitanyamula akapolo ndi minyanga. Bambo Johnson anatsika pamudzipo pamodzi ndi John Buchanan, amene ankaimira boma la Britain. Anthu a mfumu anawagwira onse awiri, kuwachitira chipongwe ndi kuwang'ambira zovala, ndipo anawamasula pokhapokha a m'sitima atapereka katundu wowaombolera. Zitatero Johnson anapitiriza ulendo wawo wa m'midzi monga mwa masiku onse.

Maliro nawo sanaleke. George Swinny, wansembe woyamba kukhala pa Likoma, anamwalira mu 1887. George Sherriff, woyendetsa sitima ya Charles Janson, anamwalira mu 1891, ndipo boti lachitsulo loyendera matanga limene mishoni inapeza pambuyo pake linatchedwa dzina lake.

Chaka cha 1895

Bishopu woyamba wa dera la kunyanja, Wilfrid Hornby, anatula pansi udindo mu 1894 chifukwa cha matenda. M'malo mwake munasankhidwa Chauncy Maples, munthu wodziwa chinenero, wodziwa anthu, amene anali atapirira nyengo ya kuno zaka pafupifupi makumi awiri. Anadzozedwa pa 29 Juni 1895, tsiku la Petro Woyera, m'tchalitchi chachikulu cha St Paul's ku London, ndipo sanachedwe kunyamuka. Kwa nthawi yoyamba zinkaoneka kuti mpingo wa kunyanja wapeza mbusa wokhalitsa.

Kumapeto kwa Ogasiti, bishopu akadali m'njira, wansembe wachinyamata George Atlay anaphedwa ndi ankhondo a Gwangwara kumtunda kwa gombe la kummawa. Masiku ochepa pambuyo pake Maples ndi Williams anafika ku Fort Johnston, ku Mangochi kwa lero, n'kukwera boti lija la Sherriff kulowera ku Nkhotakota. Inali nyengo imene mwera umakhala usanaleke, ndipo asodzi a ku Salima amadziwa mmene nyanja imasinthira dzuwa likalowa. Usiku mphepo inakula, ndipo atayandikira malo amene mabuku akale amawatchula kuti Rifu, boti linatembenuzika. Amalinyero anasambira. Williams anamira. Maples ankadziwa kusambira, koma mkanjo wawo wa unsembe unamwa madzi n'kuyamba kuwakokera pansi. Amalinyero amene anapulumuka anafotokoza kuti anayesetsa kuwathandiza, koma bishopuyo anawauza kuti awasiye adzipulumutse okha, ndipo akakafika akauze Bambo Johnson kuti wamwalira.

Thupi linapezeka patapita pafupifupi masabata awiri, ndipo analizindikira ndi mkanjo uja. Analitengera ku Nkhotakota, kumene Bambo Arthur Fraser Sim anali atatsegula mishoni chaka chapitacho. Sim anaika maliro a bishopu wake, ndipo kumapeto kwa Okutobala nayenso anamwalira ndi malungo. Atlay, Williams, Maples, Sim: anthu anayi m'miyezi iwiri, pa gulu limene linali lowerengeka kale.

Kwa Johnson, Maples sanali bishopu chabe. Anali munthu womaliza kunoko amene anawadziwa ali mnyamata wa maso awiri, amene anapanga naye chisankho chimodzi ku Oxford, amene ankatha kuseka naye ndi kukangana naye popanda chidani. Johnson sanakwatire, ndipo abale awo anali kutali. Atakalamba analemba buku la zokumbukira zawo, My African Reminiscences, ndipo zaka zimene bukulo likufotokoza ndi za kuyambira 1875 kulekeza 1895. Anakhala ndi moyo zaka zoposa makumi atatu kupitirira pamenepo, akugwira ntchito yaikulu, koma nkhani ya moyo wawo anailekezera pa chaka chimene mnzawo anamira.

Mu 1896 anapatsidwa udindo wa Archdeacon, womwe uja unali wa Maples. Bishopu watsopano, John Edward Hine, anafika, ndipo sitima inapitiriza kuzungulira midzi. Posakhalitsa inachepa, ndipo ku Britain anthu anasonkha ndalama zogulira ina yaikulu. Inapangidwa ku Glasgow, n'kubwera m'zidutswa kudzera ku Zambezi ndi Shire. Pa mathithi a Shire zidutswazo zinasenzedwa pamutu, ndipo chithini chachikulu cha injini chinakokedwa pangolo ndi amuna mazanamazana. Inalowa m'madzi mu 1901, ndipo inatchedwa Chauncy Maples. Munali malo opemphereramo ndi ophunziriramo, ndipo Johnson ankayenda ndi anyamata ophunzira uphunzitsi momwemo.

Apa pali chinthu chimene munthu angachidutse osachiona. Sitima zonse ziwiri zimene Bambo Johnson anakhalamo zinali ndi mayina a anzawo amene anafera panyanjayi. Ankagona, kudya ndi kupereka nsembe ya Misa m'kati mwa dzina la Janson, kenaka m'kati mwa dzina la Maples. Popita kummwera kukatenga makalata ndi katundu, njira inali yodutsa m'madzi omwe aja a ku Salima. Ofedwa ambiri amalambalala njira ya kuchipatala kumene wokondedwa wawo anatsirizikira, ena amatseka chipinda chake osafuna kulowamonso, ndipo palibe angawadzudzule. Johnson analibe mwayi wolambalala. Ankamva dzina la mnzawo likutchulidwa tsiku ndi tsiku ndi ana othamangira kugombe kukachingamira sitima, ana amene sanamuonepo Maples, ndipo kwa iwowo dzinalo linkatanthauza kubwera kwa wansembe, mankhwala ndi mabuku.

Baibulo lomasuliridwa ndi diso lofooka

Ntchito imene imadabwitsa kwambiri pa moyo wawo ndi yomasulira. Munthu amene ankawerenga pepala litagunda mphuno ndi amene anakhala zaka zambiri akutembenuzira Malembo Oyera m'Chinyanja cha ku Likoma, m'kachipinda ka m'sitima yogwedezeka ndi mafunde. Pamodzi ndi Bambo Arthur Glossop anamasulira buku la mapemphero a mpingo, limene linatuluka mu 1897. Baibulo lonse linasindikizidwa mu 1912, zaka khumi Buku Lopatulika lisanatuluke.

Kumasulira kwawo sikunasangalatse onse. Ankaumirira kutsata mawu a chinenero choyambirira mwatsatanetsatane, mwakuti ziganizo zina zinkatuluka zolimba, zovuta kumva ngakhale kwa eni chinenero. Baibulo limene linafala m'dziko muno ndi Buku Lopatulika la 1922, osati lawo. Komabe mibadwo ya akhristu a ku Likoma ndi m'midzi ya kunyanja inamva Uthenga Wabwino koyamba kudzera m'mawu amene anadutsa pa diso lofooka lija. Mu 1911 yunivesite ya Oxford inawapatsa digiri yaulemu ya udokotala wa zaumulungu. Analandira, n'kubwerera kunyanja.

Zaka zomaliza

Nkhondo ya 1914 inasokoneza zimene anamanga. Nyanja inasanduka malire a adani, gombe la kumpoto chakummawa lili m'manja mwa Germany. Boma linatenga sitima ya Chauncy Maples kuti izinyamula asilikali ndi katundu wa nkhondo, ndipo midzi yambiri inakhala nthawi yaitali osaona wansembe. Johnson anali atakwanitsa zaka 60. Nyumba yawo yoyandama ija inali itapita, monga inapitira ya ku Mwembe.

Zaka zawo zotsiriza anatumikira kugombe lomwelo la kumpoto chakummawa, m'madera a Manda ndi Liuli, amene lero ali m'dziko la Tanzania. Pa msinkhu umene ena amakhala pakhonde kudikira adzukulu, iwo ankalimbana ndi zinenero zina, kumasulira zigawo za Malembo m'Chimpoto ndi m'Chimanda, ndi kuyendera midzi motsogozedwa ndi anyamata. Mu 1922 anatulutsa buku lofotokoza za nyanjayi ndi anthu ake, Nyasa, the Great Water. N'zochititsa chidwi kuti wolemba wake anali munthu amene kwa zaka pafupifupi makumi anayi sanathe kuona bwino tsidya lake.

Anadwala ndi kumwalira ku Liuli pa 11 Okutobala 1928, ali ndi zaka 74, patapita zaka 52 chifikireni ku Zanzibar. Pofika nthawiyo ku Likoma kunali kutamangidwa tchalitchi chachikulu cha St Peter's pa Chipyela, malo amene kale ankaotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Sitima ya Chauncy Maples inatumikira mishoni mpaka m'ma 1950, kenaka inakhala ya boma, n'kudzanyamula anthu apaulendo kwa zaka zambiri isanakocheze komaliza ku Monkey Bay. Bambo Johnson anaikidwa ku Liuli komweko. Akhristu a kumeneko sanadikire chilolezo cha wina aliyense: anayamba kuwatchula kuti woyera, ndipo mpaka lero amasunga tsiku lowakumbukira chaka ndi chaka.